Kutolera ma casse-tête akale a ku France: muzisewera kaye musanatulutse ndalama

Funso ili landipeza kambirimbiri, aliyense akabwera kunyumba kuno nkuona shelefu ija amayamba, "kodi timabokosi timeneti mumatipeza kuti, nanga mumadziwa bwanji kuti ndi takaledi?" Ena amachita kunditumizira zithunzi pa WhatsApp ali kale pamsika, wogulitsa ali chilili pambali, akufuna ndiwayankhe pompopompo kuti agule kapena asiye. Ndiye ndati ndilembe kamodzi basi, wina akafunsanso ndizingomupatsa izi.

Ndimakhala kumpoto kwa France, kufupi ndi Lille, ndipo chimene ndimatolera ndi masewera akale ozunguza mutu amene Afalansa amati casse-tête, tingoti choswa mutu. Ambiri amene ndimasaka ndi a pakati pa 1850 ndi 1930. Ndimawakonda kwambiri zinthu zimenezi, mukagwira kabokosi koti mwana wina ankalimbana nako zaka 130 zapitazo inunso nkukakamira pamalo omwewo amene iye ankakakamira, zimafika pamtima. Koma anthu ambiri amagula ndi maso okha ngati akugula mbale yokongoletsera pabalaza, ndiye mpamene ndalama zimapita.

1. Yambani mwadziwa masewera ake enieniwo

Musanapite pamsika uliwonse dziwani asanu awa chifukwa ndi amene muzikumana nawo kawirikawiri.

Tour d'Hanoï: timitengo titatu toimirira ndi timawilo tosiyana kukula, mumasamutsa kamodzikamodzi, kakakulu sikakhala pamwamba pa kakang'ono. Anatulukira ndi katswiri wa masamu Édouard Lucas mu 1883, koma pabokosi analemba kuti wabwera nazo ndi pulofesa N. Claus wa ku Siam wa pakoleji ya Li-Sou-Stian. Dzina lakuti Claus ndi zilembo za Lucas zosokoneza, Li-Sou-Stian ndi Saint-Louis, sukulu ya ku Paris imene ankaphunzitsa. Nthawi imeneyo asilikali a France anali pankhondo ku Tonkin, kumpoto kwa Vietnam kumene kuli mzinda wa Hanoï, dzina la Hanoï linali m'manyuzipepala tsiku ndi tsiku ndiye linkagulitsa malonda.

Baguenaudier: mphete zolumikizana pa waya wautali wokhala ndi chogwirira, cholinga nkuzichotsa zonse. Louis Gros wa ku Lyon analemba kabuku kofotokoza masamu ake mu 1872.

Taquin: timatabwa 15 tamanambala m'bokosi la malo 16. Iyi inachokera ku America, inafika ku France mu 1880 nkupengetsa anthu.

Solitaire: thabwa la mabowo okhala ndi timipira kapena tizikhomo, mumadumphitsa kamodzi pamwamba pa kanzake nkuchotsa kodumphidwako mpaka kutsale kamodzi. Ndi yakale kwambiri, inali kale kunyumba ya mfumu Louis XIV m'ma 1690.

Casse-tête chinois, imene ena amati tangram: tizidutswa 7 topanga nato zithunzi. Inatchuka ku Paris cha mu 1817 ndi 1818.

Gulani zatsopano zapulasitiki zotchipa, kapena dawunilodani pafoni, muzisewere mpaka manja azolowere. Chifukwa chake muchiona pa sitepe 5. Mabuku a Lucas a Récréations mathématiques ali pa Gallica, laibulale ya pa intaneti ya dziko la France, aulere, ngakhale Chifalansa chikuvuteni zithunzi zake zokha zimathandiza.

2. Mawu a pamsika

Brocante ndi msika wa zinthu zakale wa anthu ochita bizinesi imeneyo. Vide-grenier ndi pamene anthu wamba amatulutsa katundu wa m'nyumba nkuyala pamsewu, ngati kaunjika koma aliyense akugulitsa zake, uku ndi kumene kumapezeka zotchipa. Chiner ndi kufufuzafufuza m'milu ya katundu. Akati complet ndiye kuti akuti zonse zilipo, manque ndiye kuti china chikusowa. En l'état ndiye kuti mwagula mmene chililimo musadzabwerenso kudzadandaula. Dans son jus ndi chinthu choti sanachitsuke kapena kuchikonza, ine ndimakonda zoterezi. Awiri awa musawasokoneze: d'époque ndi chanthawi yomweyo, pamene de style kapena réédition ndi chopangidwa pambuyo motengera chakale. Kapepala ka malamulo a masewera ndi règle du jeu, kafunseni nthawi zonse.

3. Kokazipeza

Ku Paris kuli msika waukulu wa Saint-Ouen koma mitengo ndi ya alendo. Wa ku Porte de Vanves, Loweruka ndi Lamlungu m'mawa, ndi wabwinoko, mulawire. Kuno kwathu kuli Braderie de Lille kumayambiriro kwa Seputembala. Mashopu a Emmaüs, bungwe lachifundo logulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, nawo osawaderera. Pa intaneti pali Leboncoin ndi eBay, ndipo zamaokushoni mumaziona pa Interencheres ndi Drouot. Amene muli ku UK, ku Joni kapena kumudzi, njira yanu ndi ya intaneti yomweyi, bola mupeze m'bale wa ku Ulaya woti azikulandirirani katundu chifukwa ogulitsa ambiri a pa Leboncoin satumiza kunja. Posaka lembani m'Chifalansa: casse-tête ancien, jeu de patience ancien, jeu ancien boîte bois.

4. Werengani bokosi

Tembenuzani bokosi, onani m'makona a chithunzi cha pachivundikiro, opanga ankabisa tizilembo tawo mmenemo. Maina amene muziwaona ndi Watilliaux, Saussine, N.K. Atlas, MD kutanthauza Mauclair-Dacier, SC kutanthauza Simonin-Cuny. Mu 1904 makampani angapo, kuphatikizapo awiri omalizawa, anaphatikizana nkukhala Les Jeux et Jouets Français, ndiye mukaona JJF dziwani kuti chinthucho sichingakhale cha chaka cha 1904 chisanafike, kaya wogulitsa alumbire bwanji.

Mawu akuti Breveté S.G.D.G. amatanthauza kuti chili ndi patenti koma boma silikutsimikiza ubwino wake. Anayamba ndi lamulo la 1844 nkutha mu 1968. Anthu amangoti akawaona basi ndi cha m'ma 1800, ayi, cha 1955 chimathanso kukhala nawo. Déposé, kutanthauza kuti chinalembetsedwa, ndiye sakuuzani chaka nkomwe. Zimene zimagwetsa bodza msanga ndi izi: adiresi yokhala ndi nambala ya positi ya manambala 5 ndi ya 1972 kupita mtsogolo, ndipo bakhodi kapena chizindikiro cha CE ndiye zadzulodzulo.

Yendani ndi kagalasi kokuzira zinthu, loupe, kokuza ka 10 nkokwana. Zithunzi zakale zinkadindidwa ndi miyala, mtundu uliwonse mwala wakewake, amati chromolithographie. Pagalasi timadontho take timaoneka tosalongosoka ngati munthu anadontheza ndi dzanja, ndipo m'mphepete mitundu imapitirirana pang'ono. Chamakono timadontho timakhala pamzere bwinobwino ngati sefa. Mukaona sefa pa bokosi limene akuti ndi la 1880, lebulo imeneyo ndi fotokope.

Chinanso, mawu a Chifalansa pabokosi sakutanthauza kuti anapanga ku France. Kampani ya ku Germany ya Richter, ya chizindikiro cha nangula, inkagulitsa tizidutswa take tooneka ngati tamwala ndi timabuku ta zilankhulo zingapo. Ndi zabwino, ine ndili nazo, koma zisakulipitseni ngati za ku Paris.

5. Tsimikizani kuti zonse zilipo, ndiponso kuti ndi za m'bokosi lomwelo

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amangoti "onetsetsani kuti ndi complet" nkudutsa. Muonetsetsa bwanji chinthu choti simudziwa kuti chimayenera kukhala ndi zidutswa zingati? Wogulitsa naye nthawi zambiri sadziwa, sikuti onse ndi akamberembere, wangochotsa m'nyumba ya agogo ake omwalira. Chimene chingakuuzeni zoona ndi masamu a masewerawo, ndiye pemphani mwaulemu, "je peux essayer?", kutanthauza ndingayese, khalani pansi muyese.

Tour d'Hanoï yoyambirira inali ndi timawilo 8, ndipo kuti musamutse tonse pamafunika kusuntha ka 255. Tikakhala 7 ndi ka 127. Opanga ena pambuyo pake ankaika nambala ina, ndiye musangowerenga. Sanjani tonse pakamtengo kamodzi, tengani khadi kapena pensulo muigoneke m'mbali mwa muluwo. Ngati tonse tilipo mbaliyo imatsetsereka mofanana, ngati kena kanasowa pakati muona sitepe yaikulu pamalo amodzi. Chovuta ndi kakang'ono kwambiri kapamwamba, ndi kamene kamatayika kawirikawiri ndipo muluwo umaonekabe bwinobwino. Onani kutalika kwa kamtengo, kakatsala mpata wautali pamwamba muyambe kukayika, kenako onani pa règle du jeu ngati patchulidwa nambala.

Solitaire ndiye imapusitsa anthu ambiri. Ya Chifalansa ili ndi mabowo 37, mizere yake 3, 5, 7, 7, 7, 5, 3. Ya Chingerezi ili ndi 33, yooneka ngati mtanda. Ife tinakula ndi bawo ndiye kuwerenga mabowo sikutivuta, werengani. Ya 37 imafuna timipira kapena tizikhomo 36. Tsono mvetsani ichi: pa thabwa la 37, mukayamba bowo lapakati lili lopanda kanthu, nkosatheka kutsala ndi kamodzi, masamu ake amakana, olo mutasewera chaka chathunthu. Ndaonapo munthu akubweza thabwa labwinobwino ati ndi lolakwika. Silolakwika, yambani ndi bowo lakumapeto pa mzere wapamwamba wa atatu uja, pamenepo zimatheka. Timipira tagalasi takale topanga pamanja timakhala ndi kachipsera mbali ziwiri pamene anadulira galasi, ndipo sitifanana ndendende kukula. Nthawi zambiri timipirato ndi timene tili ndi mtengo kuposa thabwa, nchifukwa chake ena amachotsa takale nkuikamo tatsopano. Tigwireni kamodzikamodzi tonse 36, musachite manyazi.

Baguenaudier, werengani mphete kenako werengani mabowo a pa kachitsulo kapena kafupa kapansi kamene timawaya timalowamo, zikuyenera kufanana. Bowo lopanda waya ndiye kuti mphete inaduka. Lamulo lake ndi limodzi: mphete yoyamba imatuluka nthawi iliyonse, koma ina iliyonse imatuluka pokhapokha yoyandikana nayo kutsogolo ili mkati ndipo zina zonse zakutsogolo zatuluka. Mphete 5 zimafuna kusuntha ka 21, mphete 7 ka 85, mphete 9 ka 341. Pamsika simungamalize, ingochotsani zitatu zoyamba nkuzibwezera. Zikamakakamira osakoka, waya wautali uja mwina anapindidwa ndi munthu amene anatopa nkuyamba kugwiritsa mphamvu, ndipo waya wakale ukawongoledwa kawiri umathyoka.

Taquin, choyamba manambala 1 mpaka 15 onse alipo, ndipo kalembedwe kake nkofanana? Onetsetsani 6 ndi 9. Chachiwiri, theka la masanjidwe onse a taquin ndi osatheka kumaliza, mumafika kumapeto nkupeza 15 ali kutsogolo kwa 14 ndipo palibe chimene mungachite. Zakale zambiri timatabwa take ndi tongoika, mumatha kunyamula nkusintha, palibe vuto. Koma ngati ndi ija yolowana m'mbali yosachotseka ndipo ikuthera pa 15, 14, nthawi zambiri ndiye kuti wina anaikanula nkubwezera molakwika, yang'anani m'mbali muona pamene analowetsa mpeni.

Casse-tête chinois ili ndi tizidutswa 7: tamakona atatu tiwiri tikulutikulu, kamodzi kapakatikati, tiwiri ting'onoting'ono, kasikweya kamodzi ndi kamodzi kopendekeka. Tonse pamodzi tipange sikweya yokwana m'bokosi mwake osasiya mpata waukulu. Titembenuzeni, kumsana kwake mtundu ukhale wofanana, kachidutswa kosema dzulo kamayera m'mbali modulamo.

Ndiye pali ukwati, mariage, bokosi lakale zamkati zochokera kwina. Ine zinandichitikira chaka changa choyamba. Ndinagula kwa bambo wina pa vide-grenier bokosi lathabwa la timawaya tolowanalowana, pepala lake linkaonetsa zithunzi 12, ndinawerenga timawaya nkupeza 12, ndinalipira ndikusangalala. Usiku nditayala patebulo nkuyamba kufananiza kamodzikamodzi ndi zithunzi, tinayi sitinali papepalapo nkomwe, tinali tonyezimira, kumapeto kwake kodulidwa ndi makina mosalala, pamene tinzake tinali todera ndi tizipsera ta fayilo. Zinandiwawa sabata yonse. Kuyambira pamenepo sindiwerenga chabe, ndimafananiza chilichonse ndi chithunzi chake. Onaninso pansi pa bokosi mkati, chinthu chikagona malo amodzi zaka 100 chimasiya chithunzithunzi chake, pepala limayera pamene chinaphimba nkuda pozungulira. Chithunzithunzicho chikapanda kugwirizana ndi zimene zilimo, zenizeni zinachoka. Katochi ka UV nakonso kamathandiza, pepala loyera la kuyambira m'ma 1950 limawala buluu chifukwa cha mankhwala oyeretsera, lakale siliwala.

Pogula pa intaneti simungasewere, ndiye pemphani zithunzi zitatu: zidutswa zonse zitayalidwa padera, mkati mwa bokosi mopanda kanthu, ndi règle du jeu mbali zonse ziwiri. Wokana kujambula musiyeni. Mukafuna kufananiza ndi chenicheni, Lilly Library ya ku Indiana University imasunga masewera oposa 30,000 amene anatolera Jerry Slocum ndipo zithunzi zambiri zili pa intaneti.

6. Mapu oduladula

Awa ndi amene ndimawakonda kuposa onse. Ankamata mapu pathabwa nkudula motsata malire kuti ana aphunzire jogalafe, nthawi zambiri m'bokosi mumakhala mapu angapo osanjikizana. Mapu amadziulula okha zaka. Pa mapu a France, Nice ndi Savoie zinalowa mu 1860. Alsace ndi gawo la Lorraine zinatengedwa ndi Germany mu 1871 nkubwerera nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndipo pakati apo Afalansa ambiri ankazijambulabe koma ndi mtundu wina.

Mukapeza wa Africa thamangirani kwathu. Livingstone anafika kunyanja mu 1859, ndiye mapu a pambuyo pake amalemba Nyassa. Dzina la Nyasaland linakhazikika mu 1907. Koma mapu a Chifalansa akale kuposa apo, kuyambira m'ma 1700, amalemba Lac Maravi. Ndili nawo amodzi otero, nyanja anaijambula yowonda ngati chingwe, kumpoto kwake yosatseka bwino chifukwa wojambulayo ankangomva za m'maluwa, ndipo kachidutswa kameneko ndikakagwira ndimakhala kaye chete. Chenjezo lake ndi lakuti osindikiza ankagwiritsabe ntchito mapu akale kwa zaka zambiri, ndiye dzina latsopano limakuuzani motsimikiza kuti chinthu sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti, pamene dzina lakale limangokupatsani chiyembekezo.

7. Zoti musagule

Mnyanga wa njovu usiyeni, olo ukongole bwanji. Ma baguenaudier ndi ma tangram ena apamwamba ankapangidwa ndi mnyanga. Malamulo a EU anakhwima mu 2022, ku UK nakonso lamulo loletsa linayamba kugwira ntchito chaka chomwecho, ndipo mukatsika nawo pa eyapoti kwathu ndi nkhani ya kundende, "ndi ya agogo a mzungu" sikupulumutsani. Fupa limakhala ndi timadontho kapena timizere takuda, mnyanga umakhala wosalala ndi timizere topingasana ngati ukonde mukauyang'ana modulamo. Ngati simukutha kusiyanitsa, siyani. Zoyesa ndi singano yamoto musachite, mumaononga chinthu cha eni ake, ndipo ngati ndi celluloid, pulasitiki yakale yofanana ndi mnyanga, imayaka ngati petulo.

Timasewera tozungulira tagalasi pamwamba tokhala ndi kadontho konyezimira koyendayenda, kadonthoko ndi mercury, ndi poizoni. Osatsegula, ndipo losweka galasi osagula. Penti wakale naye amatha kukhala ndi mtovu, ana asaike mkamwa.

8. Mtengo

Pa vide-grenier kunenerera nkololedwa, yambani ndi bonjour, mukapanda kupereka moni mwaluza kale. Nenani chimene mwaona, kuti mphete imodzi palibe kapena pepala lasowa, kenako funsani "votre dernier prix?" Tengani makobidi ndi timapepala ting'onoting'ono. Ku okushoni kumbukirani kuti pamtengo umene mwawina amaonjezerapo frais, ndalama ya ochititsa okushoniwo, nthawi zambiri kupitirira 20 peresenti, kuphatikizanso zotumizira. Maganizo anga ndi akuti bola chimodzi chathunthu chokhala ndi pepala lake kusiyana ndi zisanu zoperewera. Kupatula mapu, amenewo olo asowe kachidutswa kamodzi ndimatenga.

9. Mukafika nacho kunyumba

Osachiika pashelefu tsiku lomwelo. Chiikeni papepala loyera kapena lakuda masiku angapo, mukaona kaufa pansi ngati ka chimanga chofumbwa ndiye kuti muli tizilombo, Afalansa amati vrillette, ndipo tisamukira ku mipando yanu. Chathabwa chopanda galasi kapena fupa chikulungeni ndi pepala, muike m'pulasitiki yotseka bwino mutachotsa mpweya, mu filiza masabata awiri, potulutsa musatsegule mpaka patapita tsiku lathunthu kuti chinyezi chigwere kunja kwa pulasitiki osati pachithunzi.

Fumbi chotsani ndi kabulashi kofewa basi. Madzi ayi, vanishi ayi, polishi wa zitsulo ayi, kuda kwa waya kuja ndi umboni wa zaka zake. Selotepi ndiye mdani wamkulu, imasiya banga lachikasu losachoka, ndipo labala yomangira bokosi imasungunuka nkumatirira pachithunzi, mangani ndi kansalu kathonje. Dzuwa limafufutsa mitundu, makamaka yofiira. Amene mukapite nazo kumudzi, nyengo yamvula nkhungu imagwira makatoni msanga ndipo chiswe simuchimva kubwera, sungani m'bokosi lapulasitiki lotseka, muikemo timapaketi ta silika tija timabwera mu nsapato zatsopano, liikeni pamwamba osati pansi kapena kutsamira khoma.

Chomaliza, lembani kakhadi ndi pensulo, osati bolopeni: tsiku, kumene mwagula, mtengo, nambala ya zidutswa, ndi chimene chikusowa. Ngati mwasema nokha kachidutswa kolowa m'malo mwa kotayika palibe cholakwika, koma kalembeni kumsana chaka chimene mwakasema, kuti amene adzagwire bokosilo pambuyo panu asadzavutike kufananiza usiku ngati mmene ndinavutikira ine ndi timawaya tija.